Pasaka idayambira m'nyumba, ndipo ana athu akufunsa

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi makolo anzanga a Chikatolika pa nkhani ya Pasaka, chikondwerero chimene tangochita kumene, chimenenso nyengo yake ikupitirira kwa masiku 50 kufikira pa Pentekoste. Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe kalatayi ndi funso limene mdzukulu wanga wa zaka 7 anandifunsa usiku wa Loweruka Loyera, pamodzi ndi manyazi amene anandigwira nditazindikira kuti ine, amene ndakhala ndikupita ku Misa kwa zaka zoposa 60, ndinamutseka pakamwa m'malo momuyankha.

Tinali titaima panja pa tchalitchi kutada, aliyense atagwira kandulo yosayatsa. Wansembe anadalitsa moto watsopano, anayatsa kandulo yaikulu ya Pasaka, ndipo tinayamba kumutsatira polowa m'tchalitchi m'mene nyali zonse zinali zitazimitsidwa. Mwanayo anandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti: "Agogo, bwanji tikulowa mu mdima chonsecho nyali zilipo?" Ndinamuuza kuti akhale chete chifukwa mwambo wayamba, ndipo anakhaladi chete. Moto utachoka pa kandulo yaikulu n'kuyamba kuyenda kuchokera dzanja ili kupita dzanja ilo, ndinamuona akupendeketsa kandulo yake mosamala kuti ayatsire kwa mayi wina amene sitimawadziwa n'komwe, kenaka anatembenuka n'kundiyatsira ine. Phula lotentha linadonthera pa chala chake, koma sanalire kapena kutaya kanduloyo, pakuti maso ake onse anali pa lawi. Pamenepo mtima unanditsutsa, chifukwa ndinakumbukira kuti funso ngati lakelo ndi limene Mulungu mwini adalamula kuti liziyankhidwa pa usiku wa Pasaka.

Aliyense amene angatsegule mutu 12 wa buku la Eksodo adzaona kuti Pasaka yoyamba sidachitikire m'nyumba yopemphereramo, ndipo padalibe wansembe woitsogolera. Aisraele adakali akapolo ku Ejipito, banja lililonse lidauzidwa kuti lisankhe mwanawankhosa wamphongo wa chaka chimodzi, wopanda chilema, limuphe madzulo a tsiku la 14 la mwezi, lipake magazi ake pa mphuthu za chitseko, ndipo lidye nyamayo yootcha pamodzi ndi mkate wopanda chotupitsa ndi masamba owawa, onse atamanga m'chiuno, nsapato zili kumapazi, ndodo ili m'manja. Pali mfundo ziwiri m'mutu umenewu zimene sindinaziganizirepo mokwanira kufikira chaka chino. Yoyamba ndi yakuti banja likakhala laling'ono moti silingathe kumaliza nkhosayo, lidayenera kuitana mnansi wapafupi kuti adyere limodzi, kutanthauza kuti kuyambira pachiyambi penipeni Pasaka sidakhalepo phwando lodzitsekera. Yachiwiri ndi yakuti Mose adauza makolo kuti ana awo akadzawafunsa tanthauzo la mwambowo, iwo eni adzawafotokozere za mmene Mulungu adapitirira nyumba za Aisraele n'kuwapulumutsa. Udindo woyankha udapatsidwa kwa bambo ndi mayi. Mpaka lero m'mabanja a Chiyuda, pa chakudya cha Pasaka, mwana wamng'ono kwambiri ndiye amafunsa chimene chikusiyanitsa usiku umenewo ndi usiku wina uliwonse, ndipo nkhani yonse ya chipulumutso imakambidwa poyankha iyeyo.

Ambuye Yesu nawonso adadya Pasaka m'chipinda chapamwamba cha nyumba ya munthu wina ku Yerusalemu, ndipo m'menemo ndi m'mene adatisiyira Ukaristia. Atauka kwa akufa, adaonekera kwa ophunzira ake m'nyumba imene zitseko zake zidali zotseka chifukwa cha mantha. Awiri aja amene adayenda nawo ulendo wa makilomita pafupifupi 11 kupita ku Emausi sadawazindikire panjira, ngakhale mitima yawo inkatentha pomva mawu awo, koma adawazindikira atalowa m'nyumba n'kukhala pansi, pamene Ambuye adanyema mkate. Nchifukwa chake Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene udachitika kuyambira mu 1962 mpaka mu 1965, udatchula banja kuti ndi mpingo wa m'nyumba, n'kunena kuti makolo ndiwo alaliki oyamba a chikhulupiriro kwa ana awo, mwa mawu ndi mwa chitsanzo. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri pa maulaliki, koma ndikuvomereza kuti ndinkawamva ngati chiyamikiro chabe kwa mabanja, osaona kuti ndi ntchito imene yaikidwa pa mapewa anga.

Chimene ndikuchiona pakati pathu, ndipo ndikuyambira pa nyumba yanga yomwe, n'chakuti tagawa Pasaka pawiri. Kutchalitchi timasiya zonse za chikhulupiriro m'manja mwa wansembe ndi aphunzitsi a katekisimu, ndipo kunyumba timasonkhana ndi abale, kudya, kuseka ndi kujambulana zithunzi, koma dzina la amene wauka kwa akufa silitchulidwa kupatula m'kapemphero kothamanga kodalitsa chakudya. Sindikunyoza kusonkhanako, ayi, pakuti kuona ana ndi adzukulu ali pamodzi ndi chimodzi mwa zokoma zazikulu zimene Mulungu wandipatsa mu ukalamba wanga. Chimene chikundiwawa n'chakuti mwana amene wakula akuona Pasaka yotere amafika poganiza kuti za kutchalitchi ndi mwambo wofunika kuupirira kaye kuti pambuyo pake chisangalalo chenicheni chiyambe.

Chaka cha 2020 chidationetsa poyera kusowa kwathu. Matchalitchi atatsekedwa m'maiko ambiri chifukwa cha mliri wa Covid-19, tidaona Papa Francis pa 27 Malichi ataima yekha pa bwalo la tchalitchi cha St Peter's ku Vatican mvula ikugwa, akupempherera dziko lonse, ndipo Pasaka ya pa 12 Epulo idapeza Akhristu ochuluka ali m'nyumba zawo popanda wansembe. Ambiri a ife tidangoyang'anana, osadziwa poyambira. Tidali ndi Baibulo pa shelefu ndi kolona m'thumba, koma kutsogolera pemphero pamaso pa ana athu omwe kudatichititsa manyazi ngati kuti tauzidwa kulankhula pa msonkhano wa alendo. Ndinkayembekeza kuti phunziro limenelo likhala nafe, koma matchalitchi atatsegulidwa tidabwerera msanga ku chizolowezi chakale.

Ndiloleni tsono ndinene zimene ndikadayenera kumuuza mdzukulu wanga, chifukwa mwina kholo lina lidzafunsidwa funso lomwelo. Masiku atatu oyera ndi mwambo umodzi wautali umene umayamba madzulo a Lachinayi Loyera n'kufika pachimake usiku wa Loweruka Loyera, ndipo amene wabwera Lamulungu m'mawa lokha wafika nkhani itakambidwa kale. Lachinayi madzulo, Misa ya Mgonero wa Ambuye ikatha, wansembe sadalitsa anthu kapena kuwauza kuti apite ndi mtendere monga amachitira masiku onse. Amanyamula Ukaristia kupita nawo pamalo ena okonzedwa, guwa limavulidwa nsalu zake, ndipo anthu amatsala akupemphera mwakachetechete monga Ambuye adapempha ophunzira awo kuti achezere nawo m'munda wa Getsemani. Lachisanu Loyera kulibe Misa pa dziko lonse lapansi. Wansembe amalowa popanda nyimbo, amagona chafufumimba patsogolo pa guwa lopanda kanthu, timamva nkhani ya masautso a Ambuye monga adailembera Yohane, timapempherera anthu onse kuphatikizapo amene sakhulupirira Mulungu, kenaka timapita mmodzimmodzi kukalemekeza mtanda. Mwana amene waona guwa lovulidwa ndi tabernakulo, mosungiramo Ukaristia, yotsegula yopanda kanthu mkati amamva m'thupi mwake momwe kuti pali wina amene wachotsedwa pakati pathu, ndipo mdima wa Loweruka usiku amaufika ali wokonzeka.

Mdima umenewo ndi wadala, ndipo Mpingo udachita kuubwezeretsa. Augustine Woyera adatcha mchezo wa Pasaka mayi wa michezo yonse, chifukwa Akhristu oyambirira ankachezera usiku wonse kudikira kuuka kwa Ambuye. Koma m'kupita kwa zaka mazanamazana mwambowo udamka nusunthidwira m'mbuyo mpaka udayamba kuchitika Loweruka m'mawa dzuwa likuswa mtengo, pamene wansembe ankaimba za usiku wodala m'tchalitchi chowala chimene munalibe anthu ambiri. Papa Pius XII ndiye adalola mu 1951 kuti mchezowu ubwerere usiku, ndipo mu 1955 adakonzanso miyambo yonse ya Sabata Loyera. Lero lamulo likuti mwambowu uyambe kutada ndipo uthe kusanache. Timalowa mu mdima chifukwa ndi m'mene anthu tonse tidali, mu uchimo ndi mu mantha a imfa, ndipo timatsatira lawi limodzi lokha monga Aisraele adatsatira chipilala cha moto m'chipululu. Katatu wonyamula kandulo amaima n'kuimba kuti kuwala kwa Khristu, ndipo pang'onopang'ono tchalitchi chonse chimawala ndi moto umene aliyense wachita kulandira kwa mnzake, popanda ndi mmodzi yemwe amene wadziyatsira yekha. Kenaka timakhala pansi kumvera mawerengo amene angathe kufika pa 7 kuchokera m'Chipangano Chakale, kuyambira pa kulengedwa kwa dziko, ndipo ngakhale ena atachepetsedwa, la kuoloka Nyanja Yofiira silisiyidwa konse. Pambuyo pake mabelu amene adakhala chete kuyambira Lachinayi amaliranso, Aleluya amene sitinamuimbe Lenti yonse amabwerera, akatekumeni, amene akhala akuphunzira za chikhulupiriro pokonzekera ubatizo, amabatizidwa, ndipo tonse timabwereza malonjezo a ubatizo wathu, makandulo ali m'manja. Zonsezi mwana wa zaka 7 angathe kuzimva ngati wina atamufotokozera m'mawu osavuta.

Pa kandulo yaikuluyo pamalembedwa mtanda, zilembo za Alefa ndi Omega, ndi manambala a chaka chimene tilimo, ndipo pamabayidwa njere 5 za lubani zokumbutsa mabala a Ambuye. Ikatha nyengo ya Pasaka imasungidwa pafupi ndi pobatizira, n'kumayatsidwa pa ubatizo uliwonse ndiponso pa Misa ya maliro. Mfundo imeneyi ndimaidziwa ndi mtima wosweka, chifukwa zaka 3 zapitazo kandulo yotereyi idaima pafupi ndi bokosi la mkazi wanga. Pa Misa yonse ya maliro sindidamve mawu ndi amodzi omwe a ulaliki, koma ndimakumbukira kuti ndinkangoyang'ana lawi lija likugwedezeka nthawi zonse chitseko chikatsegulidwa, osazima. Kuyambira pamenepo Pasaka idasintha kwa ine. Mpando wake patebulo lathu ulibe munthu, ndipo ana anga amayesetsa kuuchotsa msanga kuti ndisauone, koma ine ndimaona malo ake ngakhale mpandowo utachotsedwa.

Apa ndi pamene chikhulupiriro chathu chimayesedwa, ndipo sindikufuna kulankhula mopepuka. Paulo Woyera adalembera Akhristu a ku Korinto kuti ngati Khristu sadauke kwa akufa, ulaliki wa atumwi ndi wopanda pake ndipo chikhulupiriro chathu n'chachabe. Sadanene kuti kuukako ndi fanizo lotonthoza olira, koma adatchula mboni: Petulo, atumwi khumi ndi awiri, abale oposa 500 pa nthawi imodzi amene ambiri a iwo adali akadali moyo pamene ankalemba, Yakobo, ndipo potsiriza iye mwini amene kale ankazunza Mpingo. Anthu amene adathawa usiku wa Lachinayi ndi omwewo amene pambuyo pake adalolera kumangidwa ndi kuphedwa osasintha umboni wawo. Pali masiku amene mtima wanga umakhala wouma, pemphero osatuluka, koma chikhulupiriro changa sichitsamira pa mmene ndikumvera tsiku limenelo. Chimatsamira pa manda opanda kanthu ndi pa mboni zimenezo, ndipo chifukwa cha izo ndimakhulupirira kuti mkazi wanga, amene adabatizidwa mu imfa ya Khristu, adzauka naye. Ngati adzukulu anga sadzamva zimenezi kuchokera kwa ine, amene adandiona ndikulira pamanda, sindikuona wina amene angawauze iwo n'kukhulupirira.

Mu 2025 tonse tidaona umboni wamtundu umenewu. Chaka chimenecho Akatolika, Aprotestanti ndi Akhristu a Orthodox adachita Pasaka tsiku limodzi, pa 20 Epulo, zimene sizichitika chaka chilichonse chifukwa a Orthodox amawerengera tsikuli pa kalendala yakale, pamene ife timatsata imene Papa Gregory XIII adakonza mu 1582. Zidachitika patatha zaka 1,700 chichitikireni msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325, umene udagamula kuti Akhristu onse azichita Pasaka pa tsiku limodzi. Pa Lamulungu la pa 20 Epulo limenelo Papa Francis, patangotha masabata 4 atatuluka m'chipatala m'mene adagona masabata oposa 5, adaonekera pa khonde la St Peter's ali pa njinga ya olumala, nafunira anthu Pasaka yabwino ndi mawu ofooka, nadalitsa dziko lonse. M'mawa mwake, pa 21 Epulo, adamwalira ali ndi zaka 88. Mphamvu zake zotsiriza adazithera pa kulengeza kuti Khristu wauka.

Ndinenepo mwachidule za amayi. M'mabanja ambiri, amene amakonza chakudya cha alendo onse a Pasaka ndiwo amalephera kupita ku mchezo wa usiku, kapena amapita atatopa kotheratu n'kumasinza pa mawerengo. Zimenezi si zoyenera, poona kuti oyamba kufika kumanda m'mamawa adali akazi, ndipo Maria wa ku Magadala ndiye adatumidwa kukauza atumwi, chifukwa chake mu 2016 Papa Francis adakweza tsiku lomukumbukira la pa 22 Julayi kuti likhale chikondwerero chofanana ndi cha atumwi. Abambo ndi anyamata tigwireko ntchito za pakhomo masiku amenewa, ndipo ngati chakudya chichepe mitundu kuti amayi apemphere ndi mtima wodekha, chichepe.

Pali nkhani ina imene makolo ambiri a Chikatolika timaibisa, ya ana athu amene adasiya kupita ku tchalitchi. Ine ndili naye mmodzi, mwana wanga wamwamuna wachiwiri. Kwa zaka zingapo ndinkagwiritsa ntchito chakudya cha Pasaka ngati bwalo lomuzengera mlandu, mpaka iye adayamba kupeza zifukwa zoti asamabwere. Akuluakulu adati fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo ine ndidatsala pang'ono kuswa wanga. Chimene chidandibweza ndi nkhani ya Tomasi, imene timaimva chaka chilichonse pa Lamulungu lachiwiri la Pasaka, limene Papa John Paul II adalitcha Lamulungu la Chifundo cha Mulungu mu 2000. Tomasi adakana poyera umboni wa anzake onse, komabe patapita masiku 8 adali akadali nawo m'nyumba momwemo. Sadamuthamangitse ndipo sadamusale, ndipo Ambuye atabweranso adamupeza ali pakati pa abale ake. Udindo wanga ndi kusunga malo a mwana wanga patebulo, kumupempherera, ndi kusabisa chikhulupiriro changa pamaso pake. Chaka chino anabwera, ndipo pamene tinali kupemphera anaweramitsa mutu pamodzi nafe, ngakhale kuti ku Misa sanapite.

Koma chimene chinandivuta kwambiri Lenti ya chaka chino ndi mng'ono wanga weniweni, wa bere limodzi. Mayi athu atamwalira tidasemphana mawu pa za katundu amene adasiya, ndipo ndidamunenera mawu olasa pamaso pa ana ake, mawu amene sindingawabwereze pano. Zaka 4 zidadutsa osalankhulana. Ngakhale pa maliro a mkazi wanga adabwera, nakhala kumbuyo, nachoka tisadapatsane moni. M'zaka zonsezo ndinkasunga lamulo la Mpingo limene lidakhazikitsidwa pa Msonkhano Wachinayi wa ku Lateran mu 1215, lakuti Mkhristu alape machimo ake kamodzi pa chaka ndi kulandira Ukaristia pa nyengo ya Pasaka. Ndinkalapa zina zonse, koma nkhani ya mng'ono wanga ndinkaidutsa chifukwa ndinkadziuza kuti wolakwa ndi iyeyo. Mawu a Ambuye akuti ukakumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa usiye mphatso yako pa guwa n'kukayamba wayanjana naye ndinkawadziwa pamtima, koma ndinkawaona ngati olembedwera anthu ena.

Lachinayi Loyera ndinakhala pafupi ndi kutsogolo, ndipo ndinaona bwino wansembe wathu, amene ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, atavula chovala chake cha pamwamba, atagwada pansi ndi beseni ndi thaulo. Mmodzi mwa osambitsidwa anali bambo wokalamba amene anavutika kumasula nsapato chifukwa cha manja onjenjemera, ndipo wansembeyo anadikira osafulumira, kenaka anamasula yekha zingwezo. Ndinakumbukira kuti mu 2013, patangopita masabata awiri atasankhidwa, Papa Francis adakachita mwambo umenewu m'ndende ya achinyamata ya Casal del Marmo ku Rome, nasambitsa mapazi a akaidi 12, mwa iwo atsikana awiri. Koma chimene chinandibaya kwambiri n'chakuti Ambuye Yesu adasambitsa mapazi a Yudasi akudziwa chimene adali atakonza kale, ndi a Petulo akudziwa kuti tambala asanalire adzawakana katatu. Sadadikire kuti wolakwa ayambe wapepesa. Ndinabwerera kunyumba osagona tulo, ndipo Lachisanu Loyera, nditangochoka kolemekeza mtanda, ndinamuimbira foni. Mawu anandithera, ndipo ndinangoti: "Ndine mkulu wako. Ndidakulakwira. Bwera udzadye nafe Lamulungu." Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati aona.

Anabwera. Sindinena kuti zonse zinatha pomwepo, pakuti moni wathu unali wouma ndipo aliyense ankayang'ana pansi. Ndinali nditatsimikiza mtima kuti sindiyambitsa nkhani ya katundu, potengera zimene Ambuye adachita pa gombe la nyanja ya Tiberiasi, pamene adasonkha moto wa makala n'kuyamba wawadyetsa ophunzira awo asanamufunse Petulo kanthu kalikonse, ndipo ngakhale pomufunsapo sadamukumbutse za kukana kwake koma adangomufunsa za chikondi. Titakhala pansi, mdzukulu wanga uja anamuyang'anitsitsa mlendoyo n'kufunsa mokweza kuti: "Agogo, awa ndi ndani?" Mwana wa m'nyumba mwanga sanali kumudziwa mbale wanga wa magazi amodzi, ndipo wochititsa zimenezo ndinali ine. Ndinamuyankha kuti awa ndi agogo ako aang'ono, ndipo mng'ono wanga anatembenukira kumbali kupukuta m'maso. Chibale ndi fupa, sichiola, koma ndaona ndi maso anga kuti chingathe kukwiririka zaka zambiri mpaka ana osadziwa kuti chilipo.

Tisanayambe kudya ndinapempha onse kuti andimvere pang'ono, ndipo ndinamuuza mwanayo kuti funso lake la usiku uja ndinalakwa kulitsekereza. Ndinafotokoza za mdima, za lawi limodzi, za akapolo amene adaoloka nyanja, ndi za manda amene adapezeka opanda kanthu, m'mawu amene iye akadatha kumva. Ndinkachita chibwibwi, pakuti kulankhula za Mulungu pamaso pa ana ako akuluakulu n'kovuta kuposa kulankhula pamaso pa alendo. Ndili pakati, mng'ono wanga anandidula mawu n'kundikumbutsa chinthu chimene ndinali nditaiwaliratu, chakuti mayi athu ankabwera nako kunyumba kachidutswa ka kandulo ya usiku wa Pasaka, n'kukayatsa pa chakudya cha Lamulungu, ndipo sankalola kuti wina adye kandulo isanayake ndi Aleluya asanaimbidwe. Mdzukulu wanga anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi kachidutswa kake, kamene anali atakabisa m'thumba la diresi lake. Agogo ake aang'ono ndiwo anakayatsa.

Pempho langa kwa ansembe athu ndi lakuti m'nyengo ya Lenti azipatula nthawi yofotokozera makolo tanthauzo la zizindikiro za Sabata Loyera, chifukwa ambiri a ife tidaphunzira katekisimu tili ana ndipo kuyambira pamenepo palibe amene adatiphunzitsanso, choncho timachita manyazi kufunsa zimene tikuganiza kuti tidayenera kuzidziwa kale. Kwa makolo anzanga ndikuti tiziwatenga ana ku miyambo ya masiku onse atatu ngakhale atagona pa miyendo yathu mawerengo asanathe, tiziwerenga nawo nkhani ya kuuka kwa Ambuye tisanayambe kudya, ndipo tisanaitane abale tiziyamba taona dzina limene talisiya dala pa mndandanda. Nyengo ya Pasaka sinathe, ndipo amene sanathe kuchita zimenezi pa Lamulungu lenilenilo akadali ndi masabata angapo.

Mdzukulu wanga wabwera kale ndi funso lina. Atamva nkhani ya Tomasi pa Misa, akufuna kudziwa chifukwa chimene Yesu adaukira akadali ndi mabala m'manja ndi m'nthiti, pamene akadatha kuuka ndi thupi lopanda chipsera. Ndagwirizana ndi mng'ono wanga kuti abwerenso pa Pentekoste, ndipo tidzakhala pansi tonse awiri, mutu 20 wa Mthenga Wabwino wa Yohane uli wotsegula, kuti timuyankhe.

Ine wanu wowerenga,
Mkhristu wa Chikatolika ndi gogo wa adzukulu 5